Momwe Mungasonkhanitsire Mabuku Okomera Owerenga Onse pa Laibulale ya Sukulu kapena ya M'mudzi

Masukulu ambiri, mipingo, mizikiti ndi magulu a achinyamata m'dziko muno ali ndi kachipinda kapena kabati yomwe amaitcha laibulale, ndipo nthawi zambiri mabuku ake anabwera m'makatoni kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino a kunja. Mabukuwo amaoneka bwino pa shelefu, koma fumbi la pamwamba pake limasonyeza kuti owatsegula ndi ochepa. Mwana wolankhula Chiyao kwawo, mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, mnyamata amene saona bwino zilembo zing'onozing'ono ndi agogo amene akuphunzira ku sukulu ya kwacha, onsewa amalowa kamodzi, n'kuona kuti mulibe chowakhudza, ndipo sabweranso. Malangizo awa ndi a mphunzitsi, mtsogoleri wa achinyamata kapena membala wa komiti amene wapatsidwa makiyi a laibulale yotere, ndipo akufuna kuti munthu aliyense wa m'deralo azipezamo buku loti angathe kuliwerenga komanso losamunyoza.

Yambani ndi anthu, mabuku abwere pambuyo

Musanapemphe kapena kugula buku ngakhale limodzi, tengani kope ndipo mukhale pansi ndi anthu odziwa dera lanu, monga mphunzitsi wamkulu, amayi a mother group, mlangizi wa zaumoyo, mfumu, abusa ndi ashehe, komanso mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera ngati alipo. Afunseni ziyankhulo zomwe ana amalankhula akaweruka, osati zomwe amaphunzirira m'kalasi zokha. Afunseni za ana amene amayandikitsa kope pamphuno powerenga, amene sacheuka akaitanidwa chakumbuyo, ndi amene sabwera n'komwe chifukwa njira yake siyendeka ndi chikuku. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo, 10.4 pa 100 alionse ali ndi ulumali wina, ndipo anthu achialubino analipo 134,636. Choncho mukauzidwa kuti pasukulu yonse palibe mwana waulumali, musafulumire kukhulupirira, chifukwa kawirikawiri anawo amakhala kuti sanazindikiridwe kapena angotsala kunyumba.

M'kopemo lembani ziwerengero zokha, osati mayina kapena midzi ya anawo. Izi n'zofunika makamaka pa ana achialubino, amene dziko lino laona akuchitiridwa nkhanza zosaneneka, ndi pa achinyamata amene akumwa ma ARV. Kope la laibulale limagwiridwa ndi manja ambiri.

Mukatero tsitsani mabuku onse omwe muli nawo kale ndipo muwagawe milu itatu: osunga, ofunika kuunikanso, ndi ochotsa. Pa mulu wochotsa paikidwe mabuku amene uthenga wake watha ntchito moti ungavulaze munthu. Buku la zaumoyo lolembedwa boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004, lomwe limanena za HIV ngati imfa yosapeweka, si loyenera kufika m'manja mwa mwana wa Fomu 2 amene anabadwa ndi kachiromboka. Koma musachotse buku chifukwa chongoti ndi lakunja. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu pa njala ya 2001 ndi 2002, anaphunzira kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo poyang'anitsitsa zithunzi za m'mabuku a sayansi a Chingerezi omwe anabwereka pa laibulale yaing'ono ya kwawo. Mwana amafunika kudziona yekha m'buku, koma amafunikanso kuona dziko lomwe sanafikeko.

Momwe mungaunikire buku limodzi

Mulu wapakati ndiwo wofuna nthawi, ndipo ntchito yake musaigwire nokha. Itanani anthu atatu kapena anayi osiyana, mwa iwo mukhale mayi, wachinyamata, ndi munthu waulumali ngati angalole, chifukwa chomwe inu mungachidutse osachiona iwo amachiona msanga.

Ngati ndi buku la ana, yambani ndi zithunzi musanawerenge mawu. Tsegulani tsamba ndi tsamba n'kumadzifunsa kuti akuchita zinthu ndani, nanga akungoonerera ndani. M'mabuku ambiri mupeza kuti mayi ali pamtondo, ali ndi ndowa pamutu kapena ali pamoto kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, pomwe bambo wakhala pampando akuwerenga nyuzipepala. Mnyamata wakwera mumtengo kukathyola mango, mlongo wake waima pansi wagwira lichero. Chithunzi chimodzi chotere chilibe vuto, pakuti ndi moyo umene ana amaudziwa, ndipo kusinja si ntchito yochititsa manyazi. Vuto limakhalapo pamene mabuku onse a pashelefu akunena zomwezo, mwana osaonapo mayi akuyendetsa galimoto kapena bambo atabereka mwana kumbuyo popita kusikelo. Buku lotere mukhoza kulisunga, koma lembani m'kope kuti pakufunika lina loliyankha.

Kenako onani momwe bukulo likumuonetsera munthu waulumali. Kodi ali ndi dzina, anzake, zomwe amakonda, ngakhale kupulupudza kwake, kapena wangoikidwamo kuti ena aphunzirepo chifundo? Nkhani zambiri zolembedwa ndi mtima wabwino zimathera poti mwana wosayendayo wayenda kapena wosaonayo waona, ngati kuti moyo wake sukanakhala wabwino popanda kuchira. Mwana amene sadzasiya chikuku chake akawerenga zotero amamva kuti iye ndi nkhani yosatha bwino. Ine ndimaona kuti buku labwino kwambiri ndi lomwe mwana wachialubino akusaka mbuzi yosochera pamodzi ndi anzake, atavala chipewa chake chakhonde, nkhani yonse ili pa mbuziyo osati pa khungu lake.

Yang'ananinso amene wapatsidwa udindo wa munthu woipa. Ngati wakuba nthawi zonse ndi wotsimphina kapena wa diso limodzi, ngati wopusa amatchulidwa mtundu wake, ngati mfiti nthawi zonse ndi mayi wokalamba wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, dziwani kuti bukulo likuphunzitsa zambiri kuposa zomwe lalemba. Nkhani ya okalamba njosafunika kuipeputsa m'dziko lomwe agogo ena amenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti. Sindikunena kuti nthano za makolo zichotsedwe, ayi, chifukwa laibulale yopanda Kalulu ndi Fisi siyingakope mwana. Nthano yomwe ili ndi mfiti yokalamba iwerengedwe pagulu, ndipo wowerengayo afunse ana kuti ndani wa iwo ali ndi agogo okhala okha, nanga amawathandiza bwanji. Koma buku logwiritsa ntchito mayina onyoza anthu achialubino kapena a mtundu wina, popanda kuonetsa kuti kuteroko n'kulakwa, lipite pa mulu wochotsa.

Funso lomaliza, lomwe anthu ambiri amaliiwala, ndi lakuti kodi nkhaniyo ndi yokoma? Timabuku tambiri togawidwa ndi mabungwe tili ndi uthenga wolondola wa ufulu wa ana kapena kuti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, koma tili ngati ndiwo zopanda mchere, ndipo mwana akatiwerenga kamodzi satibwerekanso. Muwerengereni mwana masamba atatu oyamba n'kulekeza. Akapanda kukufunsani kuti kenako zinatha bwanji, bukulo musaliwerengere m'gulu la nkhani, liikeni pa malo a mauthenga.

Ziyankhulo

Kusowa kwa mabuku a Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe, Chisena, Chitonga ndi Kyangonde kuli ndi mbiri yake. Mu 1968 Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka, chomwe chinkagwiritsidwa ntchito m'masukulu a kumpoto ndi pa wailesi, chinachotsedwa. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro unalengeza kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za kwawo, koma ndondomekoyo sinafike patali, mwa zina chifukwa mabuku ake sanasindikizidwe okwanira. Mwana wa ku Mangochi, ku Nsanje kapena ku Karonga amakumana ndi zilembo koyamba m'chiyankhulo chomwe mayi ake samulankhula nacho, ndipo laibulale ndi malo amodzi omwe angachepetse vuto limeneli popanda kudikira lamulo latsopano.

Poyambira ndi ku National Library Service, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Bungweli lili ndi nthambi m'maboma angapo, limathandiza malaibulale a m'masukulu ndi a m'madera, komanso lasindikiza mabuku a ana a mndandanda wa Werengani. Lembani kalata yodindidwa ndi mphunzitsi wamkulu kapena mfumu yofotokoza owerenga anu ndi ziyankhulo zawo. Funsaninso kwa osindikiza a m'dziko muno, monga Dzuka, CLAIM, Montfort Media ku Balaka ndi Kachere ku Zomba, ndipo ngati pali ndalama zochepa zogulira mabuku, zipite kumeneko poyamba, chifukwa mabuku a Chingerezi ndiwo savuta kupatsidwa.

Pa intaneti pali nkhokwe za mabuku a ana aulere, monga African Storybook ndi Book Dash za ku South Africa, komanso Bloom Library ndi StoryWeaver. Mabuku ambiri a kumeneko ali ndi chilolezo choti munthu awasindikize ndi kuwamasulira, bola asafufute mayina a wolemba ndi wojambula. Sankhani nkhani, muisindikize pa mapepala a A4 mbali zonse ziwiri, mupinde pakati, musoke ndi ulusi wolimba m'malo momenya ndi sitepula yomwe imachita dzimbiri nthawi ya dzinja, ndipo chikuto chake muchimate ndi pulasitiki woonekera mkati. Mukapeza buku lolembedwa kuti ndi la Chinyanja, liwerengeni kaye, chifukwa la ku Zambia limalemba "c" pomwe ife timalemba "ch", ndipo mawu ena ndi achilendo kwa mwana wongoyamba kumene. Nkhani yomwe palibe m'chiyankhulo chanu imasulireni nokha ndi aphunzitsi awiri olankhula chiyankhulocho kuyambira ali ana, kenako muiwerenge mokweza pamaso pa agogo a m'mudzi kuti akonze pomwe papindika. Pa kalembedwe koyenera mukhoza kufunsa ku Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba. Chilolezo chimenechi sichikhudza mabuku ogulitsa a alembi athu, ndipo kuwachita fotokope ndi kuphwanya lamulo la umwini wa zaluso la 2016 komanso kumulanda wolembayo chakudya.

Masukulu oyandikana ndi Dzaleka ku Dowa, komwe kwakhala anthu othawa kwawo kuyambira 1994, aganizirenso za Chiswahili, Chifalansa, Chirundi ndi Chinyarwanda. Nkhokwe zomwezi zili ndi nkhani m'ziyankhulo zimenezi.

Owerenga osaona bwino, osaona ndi osamva

Ana amene amaona pang'ono ndi ambiri kuposa osaoneratu, ndipo mwa iwo muli ana ambiri achialubino. Thandizo lawo ndi lotsika mtengo kwambiri. Posindikiza nkhani, tulutsani kope limodzi kapena awiri a zilembo zazikulu, za saizi 18 kapena kuposerapo, zakuda bii pa pepala losanyezimira, mizere yake yotalikirana. Akhale pomwe pali kuwala kokwanira koma dzuwa lisawawombe m'maso kapena papepala, ndipo musawaletse kuyandikitsa buku kumaso, pakuti ndi momwe amaonera.

Mabuku a Braille, a timadontho towerenga ndi zala, simungapange nokha popanda zipangizo zake. Funsani ku Malawi Union of the Blind, ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu komwe amaphunzitsa aphunzitsi a maphunziro apadera, kapena ku masukulu a osaona monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje. Mukawapeza, aimikeni chilili pa shelefu, musawasanjikize, chifukwa kulemera kumaphwatalitsa timadontho ndipo buku limaleka kuwerengeka. Pangano la ku Marrakesh la 2013, lomwe Malawi analowamo mu 2017, cholinga chake n'chakuti mabuku azisandutsidwa a Braille, a zilembo zazikulu kapena omvera kuti anthu osaona awapeze mosavuta, koma ntchitoyo ili ndi malamulo ake, choncho musanajambule mawu a buku la mwini funsani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso. Nthano za makolo ndi mabuku aulere aja mukhoza kujambula pa foni popanda chovuta. Sankhani wowerenga wa mawu omveka bwino, ajambulire m'chipinda chopanda phokoso, atchule mutu uliwonse asanayambe, ndipo muike pa memory card yoti iziseweredwa pa wailesi zing'onozing'ono zija zomwe zili ponseponse m'misika.

Kwa ana a mkombaphala mukhoza kupanga buku lokhudza ndi manja. Dulani katoni masamba asanu, ndipo pa tsamba lililonse musokerepo chinthu chimodzi chachikulu: nsomba ya nsanza yokhala ndi mamba a zitsekero za mabotolo, nyumba ya denga la chiguduli, njoka ya chingwe chopota. Sokani, musamate ndi guluu, chifukwa ana amatothola n'kuika m'kamwa. Pewaninso nyemba ndi chimanga, ngakhale zimagwirika bwino, chifukwa anankafumbwe ndi makoswe adzalimaliza bukulo teremu isanathe. Buku lotere ana oona amalikondanso, ndipo n'chifukwa chake liyenera kukhala pa shelefu ya onse osati m'kabati yapadera.

Mwana wosamva amaphunzira Chichewa cholembedwa ngati chiyankhulo chachiwiri, choyamba chake chili cha manja. Amafunika mabuku omwe zithunzi zake zikunena nkhani yonse pazokha, ziganizo zake zili zazifupi. Masukulu a osamva monga Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba ndi Maryview ku Nguludi, pamodzi ndi bungwe la anthu osamva la MANAD, angakulangizeni za mabuku a chiyankhulo cha manja cha ku Malawi, chomwe ndi chosiyana ndi cha ku America chopezeka m'mabuku ambiri opatsidwa. Zonsezi zilibe ntchito ngati pakhomo pali masitepe okhaokha kapena mabuku a ana ali pamwamba posafikirika, choncho konzani potsetsereka polowera ndipo mutsitse mashelefu.

Achinyamata ndi akuluakulu

Achinyamata ndiwo amasiyidwa kwambiri, chifukwa malaibulale athu amalumpha kuchoka pa nthano za ana kufika pa mabuku okonzekera mayeso a MSCE. Pakati pamenepa pakufunika nkhani za chikondi, za mpira, za umasiye, za kukhala kwa amalume m'tauni, komanso mabuku onena zoona pa za kutha msinkhu, msambo, mimba, mowa ndi chamba, ndi kuvutika maganizo. Mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, zomwe ndondomeko ya boma yakhala ikulola kuyambira 1993, apezemo nkhani ya munthu wonga iye amene moyo wake sunathere pa mimbayo. Pakhalenso kabuku kofotokoza kuti malamulo a dziko lino, atasinthidwa mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mbiri za anthu zisakhale za amuna okha, popeza ana amaona nkhope ya Rose Chibambo pa K200 tsiku ndi tsiku koma ambiri sadziwa zomwe anachita pomenyera ufulu wodzilamulira, ndipo za Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, sanamvepo. Anyamata nawo asaiwalike, makamaka amene akukula kuwerenga kukuwavutabe, omwe amachita manyazi kugwira buku la zithunzi za makanda. Iwowa afunireni mabuku a mawu osavuta koma a nkhani za msinkhu wawo.

Mabuku a za thupi ndi kugonana amadzetsa madandaulo, ndipo ndi bwino kukonzekeratu. Aonetseni kwa komiti ya sukulu ndi amayi a mother group asanaikidwe pa shelefu, mugwirizane msinkhu woyenera buku lililonse. Kholo likadzadandaula, lilandireni mwaulemu, mulipemphe lisonyeze tsamba lomwe lalikhumudwitsa, ndipo nkhaniyo ikaweruzidwe ndi komiti yonse. Kholo lili ndi mphamvu pa zomwe mwana wake awerenge, koma osati pa ana a mudzi wonse. Wachinyamata akabwereka buku lotere musatchule mutu wake mokweza, ndipo m'kaundula lembani nambala ya buku yokha.

Kwa akuluakulu sungani zinthu zomwe angagwiritse ntchito mawa lomwe, monga za ulimi wa mbewu za m'dera lanu, kasungidwe ka ndalama ku banki mkhonde, malamulo a malo ndi a chuma cha masiye, pamodzi ndi nyuzipepala monga Boma Lathu ndi Fuko, yomwe imatuluka m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Ophunzira a sukulu ya kwacha akasowa chowerenga amaiwala msanga zomwe anaphunzira, choncho gwirizanani ndi mlangizi wawo kuti laibulale izitsegulidwa madzulo ena akaweruka kumunda. Magalasi owerengera awiri kapena atatu osungidwa pa tebulo amabweza okalamba ambiri amene ankati kuwerenga anasiya.

Pa za chipembedzo ndi chikhalidwe, shelefu ifanane ndi mudzi wake. Ngati pali Baibulo, pakhalenso Qur'an yomasuliridwa m'Chichewa ndi mabuku a ana omwe muli Amina ndi Yusufu akuchita zinthu wamba, ndipo mabuku onyoza chipembedzo cha ena asalandiridwe ngakhale abwere aulere. Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa ndi magule omwe bungwe la UNESCO linawazindikira, ndipo mabuku ofotokoza za iwo mwaulemu ndi oyenera kukhalapo. Koma ngati buku likuulula za kudambwe kapena za kuchinamwali, funsani kaye eni mwambo kuti likhale pati ndiponso aliwerenge ndani, kuopa kuti laibulale ingadane ndi mudzi womwe ikutumikira.

Popempha mabuku ndi poona ngati zikuyenda

Mabungwe monga Book Aid International ndi African Library Project akhala akutumiza mabuku kuno, ndipo alipo anthu a kwathu okhala ku Johannesburg kapena ku London amene amafuna kuthandiza sukulu yomwe anaphunzirako. Powalembera musangoti tikufuna mabuku. Tchulani misinkhu, ziyankhulo, mitu ya nkhani ndi chiwerengero cha mabuku a zilembo zazikulu, ndipo muwauze mwaulemu kuti ndalama zotumizira katoni imodzi kuchokera kunja zikhoza kugula mabuku a alembi a konkuno kapena kulipirira inki ndi mapepala. Mukalandira katoni, iunikeni monga munaunikira mabuku oyamba aja isanafike pa shelefu.

Posanja, gawani mabuku potengera msinkhu ndi chiyankhulo, pogwiritsa ntchito timapepala ta mitundu pamsana pa buku, koma musapange ngodya yolembedwa kuti ya olumala kapena ya atsikana, chifukwa palibe mwana amene amafuna kuonedwa akupita kumeneko. Mashelefu asagunde khoma kapena pansi chifukwa cha chiswe ndi chinyezi. M'kaundula onjezani mizere iwiri, wa chiyankhulo cha buku ndi wosonyeza ngati wobwereka ndi wamkazi kapena wamwamuna, mwana kapena wamkulu. Pakutha pa teremu iliyonse, ikani kaundulayo pambali pa kope lomwe munalemba poyamba lija ndipo muone gulu lomwe lili m'kope koma m'kaundula mulibe. Ngati ndi amayi a sukulu ya kwacha, pitani komwe amaphunzirira ndi bokosi la mabuku khumi. Ngati ndi ana osamva, kambiranani ndi mphunzitsi wawo za tsiku lowabweretsa. Zomwe anthu amenewa angakuuzeni kuti akuzisowa ndizo zikhale pamwamba pa kalata yanu yopempha mabuku ya teremu yotsatira.